Chisomo ndi Kalasi: Mbiri ya Chiphunzitso cha Chipulumutso ku Mzuzu ndi Madera Ozungulira

Chiphunzitso chakuti chipulumutso ndi ntchito ya Mulungu mwini, ndi kuti munthu sachigula kapena kuchigwirira ganyu koma amangochilandira, ndicho msana wa mipingo ya Chipresibiteriyani. Ku Msongwe, dera lina la mzinda wa Mzuzu, chiphunzitsochi chimamveka m'maulaliki, m'nyimbo za pamaliro ndiponso m'malonje a tsiku ndi tsiku, pamene munthu wofunsidwa za moyo amayankha kuti zonse ndi chisomo. Mawuwa anayenda ulendo wautali. Anadzera kumpoto kwa Africa, ku Geneva ndi ku Scotland asanafike kunyanja ya Malawi, ndipo atafika anakumana ndi vuto lomwe silinatheretu mpaka lero: mpingo womwe unkalalikira kuti chipulumutso n'chaulere ndi womwenso unkadikiritsa anthu zaka zambiri pakhomo la ubatizo.

Muzu wa nkhaniyi uli m'makalata a mtumwi Paulo, makamaka opita kwa Aroma ndi kwa Aefeso, koma amene anaiyala poyera ngati chiphunzitso anali Augustine, bishopu wa ku Hippo, mzinda wa m'dziko lomwe lero ndi Algeria. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 400, Augustine anatsutsana ndi Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain, amene ankati munthu amabadwa ndi mphamvu zokwanira kumvera Mulungu ngati atafuna. Augustine anayankha kuti vuto lagona pa kufunako: mtima wa wochimwa sufuna Mulungu mpaka Mulunguyo ataukhudza, choncho ngakhale chikhulupiriro chomwe ndi mphatso. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage unakana maganizo a Pelagius m'chaka cha 418. Chiphunzitso chomwe ambiri amachiyesa cha azungu chinasulidwa koyamba pa nthaka ya Africa.

Patapita zaka zoposa 1,000, atsogoleri a Chikonzedwe cha mpingo ku Ulaya anaitolanso nkhaniyi. Martin Luther anakangana ndi Erasmus mu 1525 pa funso lakuti chifuniro cha munthu n'chomasuka kapena n'chomangidwa. John Calvin, amene buku lake lalikulu la chiphunzitso linatuluka koyamba mu 1536, anaphunzitsa ku Geneva kuti Mulungu anasankha anthu ake dziko lisanalengedwe, osati poona zabwino zomwe adzachite koma mwa kufuna kwake. John Knox anapita nacho chiphunzitsochi kwawo ku Scotland, komwe nyumba ya malamulo inavomereza Chikonzedwe mu 1560. Ku Netherlands, otsatira a Jacobus Arminius atanena kuti munthu angathe kukana chisomo, ndi kuti Mulungu amasankha amene wawaoneratu kuti adzakhulupirira, sinodi ya ku Dort ya 1618 mpaka 1619 inawatsutsa. Kenaka kunabwera Chivomerezo cha ku Westminster cha 1646 ndi katekisma wamfupi wa 1647, amene ana a ku Scotland ankamuloweza pamtima mibadwomibadwo. Amishoni amene anadzafika kunyanja anakulira m'makomo otere.

Komabe Scotland wa m'ma 1870 sanalinso wa masiku a Knox. Mu 1843 abusa oposa 450 anatuluka mu mpingo wa boma n'kuyambitsa Free Church of Scotland, pokana zoti eni malo azisankhira mipingo abusa. Mlaliki wa ku America Dwight L. Moody atachititsa misonkhano ya chitsitsimutso mu 1873 ndi 1874, ulaliki unayamba kutsindika kuitana munthu aliyense kuti abwere kwa Khristu lero lomwe. Mpingo wa United Presbyterian mu 1879, ndi wa Free Church mu 1892, inakhazikitsa mfundo zofotokoza kuti kusankha kwa Mulungu sikutsekera wina aliyense khomo la uthenga. Chimene chinakwera sitima kubwera kuno sichinali chiphunzitso cha ku Dort chouma gwa. Chinali chosakanizika ndi moto wa chitsitsimutso, komanso ndi chikhulupiriro cholimba chakuti sukulu, ntchito zamanja ndi malonda achilungamo zimakonza munthu.

David Livingstone atamwalira mu 1873, a Free Church anaganiza zokhazikitsa mishoni yomukumbukira, yotchedwa Livingstonia. Gulu loyamba, lotsogozedwa ndi E.D. Young, linalowa m'nyanja ya Malawi pa sitima ya Ilala pa 12 Okutobala 1875 n'kumanga ku Cape Maclear. M'gululo munali dokotala wachinyamata Robert Laws wa mpingo wa United Presbyterian, amene anadzakhala m'dziko muno zaka 52. Zaka zoyambazo zinali zowawa. Dr William Black anamwalira mu 1877, ndipo chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Mngunana, mmodzi wa alaliki anayi akuda ochokera ku Lovedale ku South Africa. Pofika 1881 pamalopo panali manda asanu a antchito a mishoni, koma wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, amene analandira ubatizo m'mwezi wa Malichi chaka chimenecho. Anthu okulira m'chiphunzitso cha Calvin sanataye mtima ndi chiwerengero chotere. Kwa iwo kutembenuza mtima wa munthu inali ntchito ya Mzimu. Yawo inali kulalikira, kuphunzitsa ndi kudikira.

Mu 1878 mishoni inali itatsegula kale timisasa tiwiri toyesera kumpoto, kena ku Bandawe m'mbali mwa nyanja, kena ku Kaning'ina, dzina lomwe lero lili pa mapiri ndi nkhalango za kum'mawa kwa Mzuzu. Kamsasa ka ku Kaning'ina kanali pamalire a Atonga ndi Angoni ndipo sikanakhalitse. Kanatsekedwa chaka chotsatira. Koma ndi pamenepo pomwe uthengawu unayandikira koyamba dera lomwe lero kuli Msongwe, mzinda wa Mzuzu usanalotedwe n'komwe. Mu 1881 likulu linasamukira ku Bandawe. Mu 1882 William Koyi, mnzake wa Mngunana, anakhazikika ku Njuyu pafupi ndi Inkosi M'mbelwa ya Angoni. Ekwendeni, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pomwe pali Mzuzu, anatsegulidwa mu 1889, ndipo mu 1894 Laws anakwera ku Khondowe kukamanga sukulu ya Overtoun.

Anthu amene amishoni anawapeza sanali alendo pa nkhani ya kudalira Wamkulu. Atumbuka ndi Atonga ankadziwa Chiuta, mwini mvula, monga Achewa ankadziwira Chauta ndi Namalenga, ndipo chilala chikavuta ankathira nsembe kudzera mwa mizimu ya makolo. Kusiyana kunali pa kayendedwe ka mphatso. M'mudzi, kupatsa n'kuika: wolandira nsima lero amadziwa kuti mawa adzabweza, ndipo nsembe ya ufa kapena mowa inkayenda m'njira yomweyo, munthu kupereka kuti mizimu ileke mkwiyo n'kubweza mtendere. Uthenga watsopano unkati Mulungu ndiye wayamba kupereka, wapereka kwa anthu opanda chobweza, ndipo nsembe wadzipezera yekha mwa Mwana wake. Omasulira Baibulo anafunika mawu onyamula ganizo limeneli. M'Chinyanja anatenga mawu akuti chisomo, amene m'mudzi ankanena za kukongola ndi mwayi wokondedwa ndi anthu, n'kuwasenzetsa katundu watsopano, wa kukonderedwa ndi Mulungu popanda chifukwa chochokera kwa wokonderedwayo. M'Chitumbuka chisomo chinatchedwa uchizi, chipulumutso n'kukhala chiponosko. Chipangano Chatsopano cha Chinyanja chomasuliridwa ndi Laws chinatuluka mu 1886, cha Chitumbuka mu 1911, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922.

Chaka cha 1886 chinayamba ndi chilala ku Ungoni. Njira zonse za makolo zitakanika, nduna za M'mbelwa zinapita kwa Dr Walter Elmslie ku Njuyu kukapempha kuti apemphere kwa Mulungu wake. Pempholi linali ndi minga mbali zonse. Akanavomera kukapemphera m'khola la ng'ombe la mfumu, momwe Angoni ankalankhulira ndi mizimu, akanaoneka ngati sing'anga wa mvula woposa anzake. Akanakana, akanaoneka ngati ndiye wamanga mvulayo. Elmslie anasankha kupemphera pa mapemphero a Lamulungu pa mishoni pomwepo, kuti zimveke kuti Mulungu amapemphedwa, sakakamizidwa ndi mankhwala kapena mwambo. Mvula inagwa. Chaka chomwecho M'mbelwa analola kuti sukulu zitsegulidwe, ndipo Koyi anamva nkhaniyi ali chigonere, atatsala pang'ono kumwalira. Angoni oyamba kubatizidwa, Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, analandira ubatizo mu 1890.

Zinthu zinasintha mwadzidzidzi pakati pa zaka za m'ma 1890. Ku Bandawe, pansi pa mbusa A.G. MacAlpine, Atonga anayamba kukhamukira ku makalasi. Ku Ungoni kunatumizidwa Donald Fraser, yemwe anafika m'dziko muno kumapeto kwa 1896, mwana wa mbusa wa ku Lochgilphead, amene anakhudzidwa ndi misonkhano ya chitsitsimutso ya ku Keswick ndipo anali mtsogoleri wa ophunzira odzipereka ku ntchito ya umishoni. Kwawo ku mapiri a Scotland, Mgonero wa Ambuye sunkachitika pafupipafupi. Unali msonkhano wa masiku asanu, kuyambira Lachinayi la kusala ndi kudziyesa, kudzera Loweruka la kukonzekera, mpaka Lolemba la kuthokoza, ndipo anthu ankachokera m'mipingo yakutali n'kumamvera ulaliki pabwalo. Cholinga cha masiku onsewo chinali kumufikitsa munthu poona kuti alibe chake chobwera nacho ku gome, kenaka n'kumuitana kuti abwerebe.

Mu Meyi 1898 Fraser anaitanitsa msonkhano wotere ku Ekwendeni. Anthu anayenda wapansi kuchokera m'midzi yakutali, amayi atasenza madengu a ufa ndi miphika, aphunzitsi akutsogolera magulu a m'sukulu zawo. Nyumba zitachepa anamanga misasa ya udzu kuzungulira mishoni. Anasonkhana pafupifupi 4,000, ndipo akuluakulu 195 anabatizidwa. Amuna amene zaka zochepa m'mbuyomo ankanyamula zishango ndi mikondo anakhala pansi kulandira mkate ndi chikho limodzi ndi anthu a mitundu yomwe ankaithira nkhondo. Usiku ena ankalowa m'tchire kukapemphera okha, akulirira machimo awo, ndipo ena ankabwerako akunena za masomphenya. Elmslie ndi Laws sanamasuke nazo. Ankaopa kuti kutengeka kwa mtima kungalowe m'malo mwa kutembenuka kwenikweni. Mkangano womwewo unabukanso mu 1910, pamene mlaliki wa ku Keswick Charles Inwood anachititsa misonkhano ku Loudon ndi ku Bandawe, khamu n'kulira mokweza. Onse awiri, Fraser ndi Elmslie, ankavomereza kuti Mzimu ndiye amagwira ntchito. Ankasiyana pa funso lakuti ntchito ya Mzimuyo imazindikirika bwanji, ndipo amene ali ndi udindo woizindikira ndani.

Apa m'pamene pali fupa la nkhaniyi. Chitsitsimutso chinadzaza makalasi, koma khomo la mpingo linali lopapatiza. Wofuna ubatizo ankayamba m'kalasi ya akumva, kenaka n'kulowa m'kalasi ya ophunzira katekisma, ndipo ulendo wonsewo unkatenga zaka zingapo. Ankayenera kuloweza mayankho, achinyamata ankayembekezeka kudziwa kuwerenga, wamitala ankauzidwa kusiya akazi ena n'kutsala ndi woyamba, mowa unaletsedwa. Pamapeto panali kuyesedwa pamaso pa mmishoni, ndipo popeza amishoni odzozedwa anali owerengeka pamene midzi inali yosawerengeka, munthu wokonzeka ankatha kudikira nyengo ina yathunthu chifukwa chosowa womuyesa. Amishoni sankaonapo kutsutsana. Kwa iwo kalasi sinali ndalama yogulira chipulumutso koma nthawi yoonera zipatso: ngati Mulungu wagwiradi ntchito mumtima, moyo udzaonetsa. Chiphunzitso cha ku Westminster chimanenadi choncho. Koma kwa gogo amene zilembo zinkamuzungulira m'maso, kapena kwa mkazi wachiwiri amene sanadzisankhire banja lake, kusiyana kwa chipatso ndi malipiro kunali kovuta kukuona. Pa guwa ankamva kuti chipulumutso n'chaulere. Pakhomo la tchalitchi ankaona kuti chimafuna sukulu, khalidwe ndi kupirira. Limeneli ndi bala lenileni m'mbiri ya mpingowu, ndipo kulibisa n'kulakwira anthu amene anafa akali m'kalasi.

Amene analigwira balali anali Eliot Kamwana Chirwa, Mtonga amene anaphunzira ku Overtoun n'kusiya sukulu mu 1901. Ku South Africa anakumana ndi mmishoni Joseph Booth n'kulandira chiphunzitso cha Watch Tower. Atabwerera kwawo kumapeto kwa 1908, anayamba kubatiza anthu m'madzi popanda kalasi, popanda mayeso ndiponso popanda ndalama, akulalikira kuti ufumu watsopano udzafika mu 1914. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000, ambiri mwa iwo otopa ndi kudikira pakhomo la mishoni ya Bandawe. Boma la atsamunda linamuchotsa m'deralo mu 1909, ndipo analoledwa kubwerera mu 1937. Chiphunzitso cha Kamwana chinali kutali ndi cha Calvin, koma unyinji womutsatirawo unafunsa mishoni funso lochokera m'chiphunzitso chake chomwe: ngati Mulungu ndiye woitana, munthu mnzathu akutsekeranji khomo? M'zaka za m'ma 1920 kunabadwanso mipingo ina yolandira amitala, monga Last Church of God and His Christ ya Jordan Msumba ndi African National Church.

Chimene katekisma ankachiumitsa, nyimbo zinachifewetsa. Ku Loudon, ku Embangweni, komwe anasamukira mu 1902, Fraser ankachititsa mipikisano ya kupeka nyimbo ndipo ankalimbikitsa Akhristu kugwiritsa ntchito maimbidwe a makolo, a ingoma, a ukwati ndi a maliro. Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa, Charles Chinula ndi anzawo anapeka nyimbo zomwe zambiri zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu. Maimbidwe ake ndi a mtsogoleri kuyambitsa, khamu n'kuvomera, ndipo kamangidwe kameneka pakokha kamaphunzitsa: mawu oyamba sachokera kwa khamu. Akhristu ambiri a kumpoto sanaonepo buku la Calvin, koma anaphunzira kudalira Mulungu poimba pa siwa ndi pa ulendo wopita kumanda, ndipo kumeneko n'komwe chiphunzitsochi chinazika mizu kuposa m'kalasi.

Abusa oyamba akuda a mishoni ya Livingstonia anadzozedwa mu Meyi 1914, patatha zaka 39 chiyambire ntchito: Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya. Mbiri ya awiri mwa iwo ikuonetsa momwe funso la chisomo linalowera m'bwalo la mpingo. Chirwa anagwa m'tchimo la chigololo ndipo anaulula yekha, n'kuchotsedwa pa ubusa mu 1918. Panabuka mtsutso wa zaka zambiri ngati mbusa wolapa angabwezeredwe pa ntchito. Fraser ndi akulu a mpingo achingoni ankati inde. Amishoni ena ankati kutero n'kupeputsa tchimo. Chirwa anabwezeredwa mu 1924 ndipo anatumikira ku Loudon mpaka imfa yake, akulemekezedwa ndi anthu onse. Charles Chinula, mbusa wina amene anamasulira buku la John Bunyan la ulendo wa Mkhristu m'Chitumbuka, anachotsedwa pa ubusa mu 1930 pa mlandu wofanana, koma iye sanapirire kudikira. Mu 1934 anayambitsa mpingo wake, Eklesia Lanangwa, kutanthauza mpingo wa ufulu.

Mwasi anachoka mu 1933 pa chifukwa china. Iye sanakane chiphunzitso cha Chipresibiteriyani. Anachigwiritsa ntchito potsutsa ulamuliro wa amishoni. M'chikalata chofotokoza zifukwa zake anatsindika kuti Mulungu amafikira Mwafrika mwachindunji, m'dziko lake ndi m'chinenero chake, osadzera mwa mlendo. Maganizowa ndi mwana weniweni wa chiphunzitso cha ulamuliro wa Mulungu, pakuti ngati chisomo sichidalira ntchito za munthu, sichingadalirenso khungu kapena dziko la amene wabwera nacho. Mu 1935 Mwasi, Chinula ndi Yaphet Mkandawire anaphatikiza mipingo yawo kukhala umodzi, womwe unasungabe dzina ndi dongosolo la Chipresibiteriyani.

Pa nthawiyi mpingo wa CCAP unali utabadwa kale. Mu 1924 mapresibitale a Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana pa maziko a Chikhulupiriro cha Atumwi ndi chikalata chachifupi cha chikhulupiriro, osati Chivomerezo chonse cha ku Westminster. Mu 1926 analowa a Nkhoma, ana a mishoni ya Dutch Reformed Church yomwe A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anaiyamba ku Mvera mu 1889. A Nkhoma anabwera ndi mfundo za ku Dort zenizenizo pamodzi ndi katekisma wa ku Heidelberg wa 1563, ndipo ankakayikira Asikotishi ena kuti afewetsa chiphunzitso. Katekisma wa ku Heidelberg ali ndi magawo atatu, la tsoka la munthu, la chiombolo ndi la kuthokoza, ndipo malamulo khumi amawafotokoza m'gawo lachitatulo. Dongosolo limeneli ndilo yankho lomveka bwino koposa lomwe mipingoyi ili nalo pa funso la ntchito zabwino: sizibwera patsogolo ngati malipiro, zimabwera pambuyo ngati zikomo. Chifukwa cha mbiri imeneyi, Mkhristu wa CCAP wolankhula Chichewa wochokera m'chigawo chapakati amakhala ataphunzira chiphunzitso cha kusankhidwa momveka bwino kuposa mnzake wa kumpoto, amene anachilandira kwambiri kudzera m'nyimbo ndi m'misonkhano ya Mgonero.

Mzuzu ndi mzinda wa posachedwa poyerekeza ndi mamishoni ouzungulira. Unayamba cha m'ma 1947 ngati munda wa mitengo ya tung wa bungwe la Colonial Development Corporation, unakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000. Antchito oyamba anachokera ku Ekwendeni, ku Nkhata Bay, ku Rumphi ndi ku Mzimba atanyamula mabuku awo a nyimbo, ndipo m'kupita kwa nthawi likulu la Sinodi ya Livingstonia linatsika ku Khondowe n'kukhazikika mumzindawu. Madera ngati Msongwe, omwe kale anali midzi ndi minda, analowa mumzinda pamene unkakula, n'kulandira anthu a zinenero zosiyanasiyana, olankhula Chichewa ali momwemo. Akatolika, amene anapatsidwa dera lawolawo la kumpoto mu 1947 n'kukhala Dayosizi ya Mzuzu mu 1961, anabwera ndi kafotokozedwe kena: chisomo ndicho chimayamba, koma munthu amagwirizana nacho kudzera m'masakramenti ndi ntchito za chikondi. Mpata pakati pa mbali ziwirizi unachepa pa 31 Okutobala 1999, pamene Akatolika ndi a Lutheran anasainirana ku Augsburg chikalata chovomereza limodzi kuti munthu amalungamitsidwa ndi chisomo chokha mwa chikhulupiriro. Mgwirizano wa padziko lonse wa mipingo ya Chikonzedwe unavomereza chikalatachi mu 2017.

Kuyambira m'ma 1970 kunafika mphepo ina, ya kubadwa mwatsopano. Inadzera m'magulu a ophunzira ngati SCOM, m'mafelosipi a m'nyumba ndi m'mipingo ya Chipentekoste, ndipo inafunsa funso lomwe Fraser akanalimvetsa: kodi munthu wobatizidwa ali khanda, wolowa kalasi n'kukhoza mayeso, wakumanadi ndi Khristu? Mphepoyi inabwezera moto m'mipingo yomwe inayamba kuzizira. Koma kalankhulidwe kake, ka kulandira Yesu ndi kupanga chisankho, kanasunthira kulemera kwa nkhani ku mbali ya munthu, kufupi ndi Arminius kusiyana ndi Dort. Pambuyo pake kunadzabwera ulaliki wa kufesa mbewu, wakuti wopereka ndalama kwa mtumiki wa Mulungu adzakolola machiritso, ntchito kapena banja. Apa kupatsa n'kuika kwabwerera m'tchalitchi kudzera pakhomo lakumbuyo, ndipo amene amapweteka nako kwambiri ndi osauka, amene akapanda kuchira amauzidwa kuti anafesa mochepa kapena chikhulupiriro chawo n'chofooka. Chiphunzitso chakale chija, ngakhale chili ndi mafunso ake ovuta okhudza amene sanasankhidwe, sichinkaika mtolo wotere pa mutu wa wodwala. Mafunso amenewa amaphunziridwa lero ku Yunivesite ya Mzuzu ndi ku Yunivesite ya Livingstonia, yomwe inatsegulidwa mu 2003 ndipo imaphunzitsa zaubusa ku Ekwendeni.

M'mipingo ya CCAP ya mumzinda wa Mzuzu, dongosolo lomwe linachokera ku Bandawe ndi ku Ekwendeni likadalipo, ngakhale lafupikitsidwa. Kalasi ilipobe, koma sitenganso zaka zambiri ngati kale. Mgonero, womwe m'Chitumbuka umatchedwa monesko, umatsogozedwa ndi mapemphero a kukonzekera, ndipo akulu a mpingo amadziwa amene ali oyenera kufika ku gome. Wogwa m'tchimo loonekera amaitanidwa ku sesoni, bwalo la akulu a mpingo, n'kuimitsidwa kudya Mgonero. Akalapa amalowanso kalasi kwa kanthawi, kenaka n'kubwezeredwa pamaso pa mpingo. Kawirikawiri amene amaonekera msanga ndi mtsikana woyembekezera, pamene mwamuna wochimwa naye amatha kubisala, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zodandaula zomwe amayi a mumpingo akhala akuzinena.

Pamaliro m'pamene mbali ziwiri za mbiriyi zimakumana maso ndi maso. Akamwalira Mkhristu wokhazikika, amayi a bungwe la Umanyano amafika atavala mabulauzi oyera, masiketi akuda ndi maduku oyera, amachezera usiku wonse akuimba, ndipo mbusa kapena mkulu wa mpingo amatsogolera mwambo mpaka kumanda. Akamwalira munthu woimitsidwa, kapena amene sanamalize kalasi, mwambo wa mpingo umachepetsedwa, ndipo abale amamva kuwawa kawiri. Alaliki ambiri pa maliro otere amasamala kunena kuti mpingo umaweruza zimene waona, pamene za mumtima ndi za mphindi yotsiriza amazidziwa Mulungu yekha, ndipo nthawi zambiri amakumbutsa za wachifwamba wopachikidwa pambali pa Yesu, amene sanalowe kalasi iliyonse. Ulaliki ukatha, akulu a mpingo amabwerera ku sesoni ndi kaundula wawo, momwe mayina a odya Mgonero, a oimitsidwa ndi a ophunzira amalembedwabe m'magulu osiyana monga ankachitira ku Bandawe zaka zoposa 100 zapitazo.